Dzanja Losalima

Mjigo wa pa Chimwala unkatulutsa madzi pokhapokha nyumba zinayi zikayika zikhatho pagalasi lake nthawi imodzi. Koma galasilo silinkazindikira chikhatho chokhakhala ndi khasu, choncho nyumba iliyonse inkasunga dzanja limodzi losalima. Kwa Nasimango dzanjalo linali la amuna ake, a Gwaza, amene tsopano ankangoswera pakhonde n'kumadzola mafuta a nsatsi.

M'mawa wina galasi lija linakana. Amayi a m'gulu lawo la nyumba zinayi anatula zidebe pansi n'kuyang'ana a Gwaza.

"Tambasulani tione, bambo," anatero Nachuma, mkulu wa gululo.

Chikhatho chinali matuza okhaokha.

"Mwagwira khasu, inu?" anafunsa Nasimango motsitsa mawu. Kunyumba ana anali asanamwe kanthu chidzukire.

"Pang'ono pokha, mayi. Anzanga kubawo akumanditcha mkwatibwi."

Nachuma sanaseke. Anayenda khomo ndi khomo, ndipo pofika masana gulu la kutsidya linavomera kumawagawira madzi mpaka matuza atapola, a gulu la Nachuma n'kukawapalirira mtedza.

Atafika kunyumba, Nasimango anamwetsa ana, kenako anakhala pakhonde n'kuyang'ana manja ake ong'ambikang'ambika. Anakoka botolo la mafuta a nsatsi aja, nathira pang'ono m'chikhatho mwake.

"Amenewo ndi anga," anatero a Gwaza.

"Anali anu. Ine khasu ndasiya lero. Likangofewa dzanja langali, munda wonse uja ndi wanu, bambo. Mukalime mpaka mukhute."