Khobidi Lodindika Kawiri

"Maxine, tabwera! Ndalipeza!"

Maxine anasiya mbale m'madzi n'kubwera akupukuta m'manja. Chipumireni pa ntchito kufakitale ya matayala ku Akron, mwamuna wake Orville ankangokhalira kumasula mipukutu ya makhobidi atsopano ochokera kubanki. Ankasaka limodzi lokha limene chidindo chinalakwitsa, zilembo n'kutuluka ziwiriziwiri, poti lotere limagulidwa ndalama zambiri. Msana unachita kupindika, koma khobidilo osapezeka.

"Taona chaka chili pakhobidipa, chadindika kawiri," anatero Orville, galasi lokuzira zinthu lili m'manja. Anatola lina. "Ili nalonso! Mayo ine, mpukutu wonsewu!"

Maxine anatenga khobidilo, anapita nalo pawindo n'kuliyang'anitsitsa. Linali labwinobwino, ngati ena onse amene iye ankatopa nawo kubweza kubanki. Anakumbukira kuti dzulo lake bamboyu anathira khofi pambali pa kapu, ndipo iye atamutchulira zakuchipatala, bamboyo anangokalipa.

"Orville, taika galasilo pansi. Undiyang'ane ine."

"Iwe ndiye nsanje basi."

"Nsanje ndi khobidi, ukalamba uno? Tandiuza, ukuona a Maxine angati?"

Orville anadzutsa mutu. Anatsinzina, kutsegula maso, n'kutsinzinanso. Kenako anakankhira makhobidi aja pamulu wa anzake pang'onopang'ono.

"Nonse awiri mukuoneka otopa," anatero chapansipansi. "Mmodzi akatenge makiyi a galimoto, tipite kuchipatalako."