Mpango Pazitsulo za Denga

Mphepo itangoleka, mmisiri wa madenga anakwera makwerero atanyamula mpango wa mkazi wake.

"Bambo, umenewotu ndi wopitira ku ukwati!" anadandaula mayiwo, koma makwererowo anawagwira zolimba.

"Maso amanama, mayi. Chitsulo sichithyoka ndi mphepo imodzi. Chimatopa ndi kugwedezedwa tsiku ndi tsiku, mpaka kamng'alu kamayamba pafupi ndi msomali. Nsalu yosalala imakodwa pomwepo."

Anauyendetsa mpangowo pang'onopang'ono pazitsulo zogwira malata, pamwamba penipeni pa bedi logona mdzukulu wawo wakhanda.

Sunakodwe paliponse.

Bamboyo atatsika, mayiwo anaulanda, kuukutumula fumbi, n'kuuyang'anitsitsa. Unali wosang'ambika.

"Mwapulumuka, bambo," anatero akuumanga kumutu, n'kuitana mwana wawo wamkazi. "Iwe, bwera naye mwanayo, udzamugoneke."