Nambala ya Felistus

Mwera unkawomba, mabwato onse ali pamchenga. Kuchipatala, adokotala ankalembera aliyense wodzikanda nambala imodzimodzi, yoimira mphere, patikiti yake.

Ndinalowa ndi Felistus, mwana yekhayo amene malemu mkazi wanga anandisiyira.

"Manja okha ndiwo akumuyabwa," ndinatero. "Banga lapamsanali siliyabwa n'komwe."

Adokotala anasiya kulemba. Anamuuza kuti atsinzine, n'kukhudza bangalo ndi thonje.

"Wamva?"

"Yayi."

Analemba nambala ina.

"Adada, ili ndi khate," anatero motsitsa mawu. "Mankhwala alipo."

Panja, pabenchi, panali azakhali a mnyamata amene anatomera Felistus, tikiti yawo ya mphere ili m'manja, akudikira kuona yathu.

Ndinamugwira Felistus dzanja, ndipo tinadutsa pamaso pawo kukatenga mankhwala.