Manambala a Amayi Theresa

Chala cha Twalha chinaima pa dzina la Amayi Theresa.

Pulogalamu ya pakompyuta imene iye analemba m'chinenero cha C imatumiza zotsatira za magazi chopingasa, wodwala aliyense pamzere wake. Pulogalamu yakale ya chinenero cha Fortran ya mu labu yoyezera magazi ya pachipatala pomwe amagwira ntchito imalandira ndandanda yomweyo n'kuiwerenga chotsika. Kwa milungu itatu, manambala a munthu wina ankagwera pa dzina la wina, kompyuta osadandaula n'kamodzi komwe.

Pepala la zotsatira linati chitetezo cha m'thupi mwa mayiwa chili pa 610. Makina oyezera anali atapeza 94 yokha.

Amayi Theresa amachita lendi khomo loyandikana ndi la Twalha ku Capital Park. Lolemba anabwera kuchipatala akuseka, uku akutsokomola. "Achimwene, adokotala akuti ma ARV sakufunika panopa. Mawa ndikubwerera kuntchito."

Twalha anawaombera m'manja tsiku limenelo.

"Ndi anthu angati?" anafunsa Naomi, mkulu wa labu.

"Mazana anayi."

Naomi anamukankhira foni. "Yamba ndi amene ukuwadziwa."

Foni inaitana kawiri kunyumba ya abwana a Amayi Theresa ku Waterkloof.

"Achimwene," anatero Amayi Theresa mosangalala, akupuma movutikira, "mwandikumbuka lero?"