Akuluwa Musawachotse

A Mwamadi anasiya dala chipinda chakuseri kuti chikhale chomaliza kuonetsa. Ankadziwa kuti malonda awo amafera pamenepo.

Nyumbayo inali yabwino, ya njerwa zootcha, yamalata, pamtunda poyang'anizana ndi minda ya tiyi. Ankaigulitsa chifukwa bizinesi yawo ya maminibasi inali itasamukira ku Limbe. Anthu awiri anali ataiona kale n'kuikonda, koma onse ananena chimodzimodzi: mkulu wakuseriyo ayambe wachoka, zogula pambuyo.

Mkuluyo anali a Winston. Anagwira ukapitawo pa esiteti zaka makumi atatu. Atapuma ntchito anatuluka m'nyumba ya kampani, kenako sitiroko inawaumitsa mkono ndi mwendo. Ana awo anapita ku Joni osamvekanso. A Mwamadi anawasunga kuseriko ati ngati mlonda, ngakhale mkuluyo sakanatha kupirikitsa ndi nkhuku yomwe.

Wogula wachitatu anali mayi wa zaka za m'ma makumi atatu, dzina lake Sellah, namwino wa ku Blantyre. Sanalankhule zambiri. Anagogoda makoma, anayang'ana kudenga, anatsegula mpopi. Atazungulira kuseri anapeza a Winston atakhala pakhomo, atadzikulunga bulangete chifukwa cha chiperoni. Anaima n'kuwayang'ana nthawi yaitali.

"Awa ndi a Winston," anatero a Mwamadi, maso ali pansi. "Ndikuwafunira malo, mayi. Mungondipatsako mwezi umodzi."

"Nyumbayi ndigula, ndipo mtengo sindinenerera," anayankha Sellah. "Koma pakhale mfundo imodzi. Akuluwa musawachotse. Tsiku lolandira makiyi ndidzawapeze pompano. Ndikadzapeza atachoka, malonda adzathera pomwepo."

A Mwamadi anaganiza kuti sanamve bwino. Mayiyo anabwereza, ndipo anaumirira kuti mfundoyo ilembedwe m'chikalata cha mgwirizano. Inalembedwa, onse anasaina.

Nkhaniyo inawanda msanga. A Mwamadi anaikamba kumzikiti, anaikamba pasiteji ya minibasi, kuti anthu amtima akadalipo m'dziko muno. Azimayi othyola tiyi podutsa ndi madengu awo ankaima pampanda n'kufuula kuti agogo apeza mwana.

Sabata yachiwiri kunabwera mdzukulu wa mlongo wawo wa a Winston kuchokera kwa Khwethemule. Anali atamva kale kuti nyumba ikugulitsidwa, ndipo anali atakonza kachipinda kwawo. Anali wachibale yekhayo amene anawakumbukira. A Winston anamukanira.

"Kwanu ndikadye chiyani? Kuno andisunga anesi," anatero. Mdzukuluyo anachonderera, iwo anamukalipira mpaka kumunena kuti akufuna penshoni yawo. Anachoka akulira, atalumbira kuti sadzapondanso pakhomopo.

Tsiku la makiyi linafika. Mvula inayamba m'mawa, yosalekeza, mapiri onse osaoneka. A Winston anali atametedwa ndevu, atavala jekete lawo lakale la kutchalitchi. Kuyambira mbandakucha anakhala pakhomo kudikira.

Sellah anafika masana. Anasaina mapepala otsala pakhonde, a Mwamadi anamupatsa makiyi ndi manja awiri.

"Ndiye kuti tsopano ndi yanga?" anafunsa.

"Yanu, mayi. Kuyambira pageti mpaka kuseri."

Sellah anatsika pakhonde osatsegula ambulera, nalunjika kuseri. A Mwamadi anamutsatira akumwetulira, kufuna kuona nawo chisangalalo cha mkuluyo. A Winston anayesa kudzuka koma mwendo unakana. Anangotambasula dzanja lamoyolo, misozi ili m'maso.

"Mwana wanga, Mulungu akudalitseni. Ine ndinali munthu wotayika."

Sellah sanalandire dzanjalo.

"Ine ndine mwana wa Esnat, a kapitawo. Bambo anga atamwalira munabwera ndi alonda n'kutitulutsa m'nyumba ya kampani pamvula, ndipo khanda limene amayi anabereka kumbuyo tinaliika m'manda sabata yomweyo," anatero, mawu ake ali phee. "Sindinafune kuti akuchotseni munthu wina. Ife munatipatsa ola limodzi, inunso ndikukupatsani lomwelo."