Mnyamata amene ankakwera mapiri pa foni

Panali munthu wina, mnyamata, amene anamaliza maphunziro owerengera ndalama ku koleji koma ntchito osaipeza. Amene anandiuza nkhaniyi akuti inachitikadi. Ankakhala kwa mlongo wake wamkulu, kugona pabalaza, m'mawa n'kupinda matiresi alamu ake asanadzuke.

Iye sankafuna kuti anzake a ku koleji adziwe kuti zinthu zamuvuta. Ndiye tsiku ndi tsiku ankaika zithunzi pa tsamba lake la pa intaneti. Lero kapu ya khofi, pansi pake walemba kuti, "Wokazinga ndekha." Mawa nsonga ya phiri, mitambo ili m'munsi. Zithunzi zonsezo zinali za eni ake. Iyeyo phiri ankangoliona ali m'basi, ndipo khofi akamwa mtima unkamuthamanga.

Tsiku lina mlongo wake anamuonetsa foni.

"Iwe, phiri ili unakwera liti? Dzulo si unali pano ukuchapa makatani anga?"

"Achemwali, masiku ano mabwana amayang'ana pa intaneti. Safuna munthu wongokhala."

"Ukafuna phiri, kakwere, miyendo uli nayo. Koma zabodzazi chotsa, zidzakuchititsa manyazi."

Mnyamatayo anangoseka.

Patapita nthawi, kampani ina yogula khofi kwa alimi inamuitana kuti akayesedwe. Bwana wake anali mayi wofatsa, wosachulutsa mawu. Mafunso onse a za ndalama mnyamatayo anayankha bwino, chifukwa sukulu yokha ankaidziwadi. Atatsala pang'ono kutuluka, mayiwo anati:

"Ndaona kuti mumakonda mapiri. Lija la m'chithunzi chanu, la mwala wong'ambika pamwamba, alimi athu ali kuseri kwake. Mumalidziwa bwino?"

"Ngati kwathu, mayi."

"Chabwino. Loweruka tikukakumana nawo. Mubwere."

Loweruka ananyamuka pa galimoto ya kampani: mayiwo, mnyamatayo, dalaivala, ndi bambo wina wachikulire amene ntchito yake inali yolawa khofi. Atafika m'munsi mwa phiri anapeza kuti mvula yakokolola msewu. Galimoto sikanatha kudutsa.

"Ife timabwera pa galimoto nthawi zonse, njira ya pansi sitiidziwa," anatero mayiwo. "Mwayi wake tili ndi inu. Tsogolani, achimwene."

Dalaivala anatsala ndi galimoto, atatuwo n'kuyamba kukwera. Posakhalitsa anafika pamene njira inagawikana pawiri. Pafupi pomwepo panali nyumba, mayi wina akuyanika zovala.

"Bwanji tifunse apa?" anatero bambo wolawa khofi.

"Musavutike, bambo. Ndi kumanzereku," anayankha mnyamatayo, osaphethira n'komwe.

Anayenda. Njira ija inayamba kuchepa, udzu kufika m'chiuno. Nsapato za ku ofesi zimene anavala zinkamutereretsa, thukuta lili kamukamu. Mayiwo anaima.

"Achimwene, ngati mwaiwala njira nenani. Kuiwala si mlandu."

"Ayi mayi, iyi ndi yachidule. Tatsala pang'ono."

Anapitirira mpaka njira inathera pa thanthwe lonyowa. Bambo wachikulire uja poti aponde, anaterereka n'kugwa, phazi n'kubinya. Sanakuwe. Anangokhala pansi atagwira mwendo, n'kunena kuti, "Mwana wanga, ine apa ndiye ndafika."

Foni pamenepo sizinkagwira. Anachita kumugwirizira uku ndi uku, kutsika pang'onopang'ono, kupuma, kutsikanso. Pofika pa galimoto dzuwa linali litapendeka. Dalaivala anawauza kuti alimi aja anaimba kangapo. Anadikira ndi matumba awo mpaka anatopa, ndipo ena anagulitsa khofi wawo kwa ogula ena.

Mayiwo sanakalipe. Anathandiza bambo uja kukwera m'galimoto, kenako anatembenukira kwa mnyamatayo.

"Phiri ili munalikwerapo?"

Iye anayang'ana pansi. "Ayi, mayi."

"Nanga lina lililonse?"

"Ayi."

Mayiwo anagwedeza mutu. "Mukudziwa, ntchito ija ndinali nditakupatsani kale mumtima mwanga tsiku lomwe lija. Ine sindinkafuna wokwera mapiri, ndinkafuna munthu wowerengera ndalama. Mukanandiuza pa mphambano paja kuti simukudziwa, tikanaseka, n'kufunsa mayi uja, Lolemba mukanayamba ntchito. Koma ndinakufunsani, inu n'kumalimbikira. Tsiku limene mudzasokoneze ndalama za alimi, mudzandiuzanso kuti tatsala pang'ono."

Kenako ananyamuka ulendo wobwerera. Anayamba atula bambo uja kuchipatala, kumene anamanga phazi lake n'kumuuza kuti apume kwa nthawi ndithu. Mnyamatayo anamutsitsa pa siteji.

Atafika kunyumba, alamu ake anayang'ana nsapato zong'ambikazo n'kufunsa kuti, "Alamu, ntchito yake ndi yoweta mbuzi?" Mlongo wake anawaletsa ndi maso. Anatenthetsa madzi, n'kumuikira m'beseni kuti aviike mapazi. Anamva nkhani yonse osamudula mawu.

"Mawa upite ukawaone bambo amenewo," anatero. "Ntchito yapita, koma mwendo wa munthu uja wapweteka chifukwa cha iwe."

Anapitadi. Bambowo anamulandira bwino, koma ntchito ija inapatsidwa kwa mtsikana wina amene mnyamatayo anali naye kalasi imodzi ku koleji. Akuti mnyamatayo mpaka pano akufunafunabe.

Phunziro: Abale anga, osachita manyazi kunena kuti "sindikudziwa." Bodza limene ukuliona ngati laling'ono pa foni, tsiku lina anthu adzalikhulupirira n'kukutsata pambuyo, ndipo wopwetekayo sudzakhala iwe wekha. Tumizirani achinyamata onse amene akufuna ntchito, mwina wina apulumukirapo.