Buledi wa Agogo Safta

Khalani pansi nonse! Iwe Costel, siya mphakayo, utseke pakamwa. Ilinca, lemba pafoni yakoyo momwe ndikunenera, usandikonzere mawu. Ine kusukulu sindinapondeko, koma izi palibe wa masatifiketi angakuuzeni.

Panali munthu wina, mayi, dzina lake Profira, kumudzi wa m'mbali mwa mtsinje wa Siret, nkhondo itangotha. Ana anali nawo asanu ndi atatu. Mwamuna wake Toader ankagwira ntchito panjanji, malipiro ake osafika ndi pakati pa mwezi pomwe. Koma Profira anali katswiri. Nyemba za m'dzanja limodzi ndi anyezi, banja lonse linkamwa msuzi. Makoko a mbatatesi sankataya. Buledi ankacheka mopyapyala moti ukamukweza m'mwamba unkaona tchalitchi kuseri kwake.

Apongozi ake, agogo Safta, ankakhala kumapeto kwa benchi. Akalawa chakudya ankakwinya nkhope: "Mtengwa iwe, mcherewu ukusungira maliro anga?"

Kenako agogowo anamwaliradi.

Mwambo wathu wa pomana mukuudziwa. Chakudya cha womwalira umapereka kwa munthu wakunja, iye nkuyankha kuti bogdaproste, ndiko kuti Mulungu amukhululukire womwalirayo, pamenepo ndiye chimamufika mwini wake kutsidyako. Chimene mwadya nokha m'nyumba sichimufika.

Pokwana masiku makumi anayi, Toader anagulitsa chikhoti chake nkubweretsa ufa wa tirigu. "Uphike buledi wa amayi, upite naye kumanda," anatero, nkubwerera kunjanji.

Profira anaphika mabuledi khumi ndi awiri. Ana anazungulira tebulo, akungomeza malovu. Mnansi wake Zamfira anasuzumira pakhomo.

"Tiyeni achemwali, ansembe afika kale."

"Tsogolani."

"Profira, nkhope imeneyo ndikuidziwa. Za akufa sadya."

"Akufa ali ndi mano? Amoyo ndi awa. Ndichotse buledi pakamwa pa ana anga ndikapatse zidakwa za pachipata cha manda?"

"Kumanda umapereka, umalandiranso. Ukabwerako ndi kanthu."

"Ine ndikatambasule dzanja ngati wopemphetsa? Ndife osauka, koma sitinafike pamenepo."

Anatseka chitseko. Buledi uja anadya masabata awiri.

Ndiye kunali kamwana komaliza, Catinca, ka zaka zisanu. Tsiku lina masana, dzuwa lili pamutu, kanakankhira mbale yake kumapeto kwa benchi.

"Idya iwe," anatero Profira.

"Ayambe agogo."

Mbama pha! Mwana osalira. Anangoyang'ana malo opanda munthu aja. "Akuti ali ndi njala, amayi. Akuti buledi wawo tinadya ife."

Anamuuza ndani? Palibe.

Kuyambira tsiku limenelo mwana analeka kudya. Akamukakamiza, chonse chinkabwerera. Mbale imene wakankhayo Profira ankaigawira ana okulirapo aja, kutaya sakanatha, koma iwo ankati, "Amayi, izi zikukoma ngati phulusa." Dokotala wa kutauni anamupima mwana, osapeza kanthu. Manja a Catinca anasanduka timitengo. Anafika polephera kukwera pabenchi, koma akamukweza, mbale ankaikankhabe.

Litakwana Loweruka la akufa, tsiku lopereka pomana kumanda, Profira anasesa m'bokosi la ufa mpaka m'makona. Munatuluka buledi mmodzi yekha. M'nyumba munalibenso china koma nyemba zotsala dzulo. Atamukulunga m'nsalu, ana asanu ndi awiri anamutsatira mpaka pampanda akulira.

"Amayi, mukupita naye kuti?"

Sanacheuke. Akanacheuka sakanapita.

Pachipata cha manda panakhala gogo wina wachilendo, mpango wakuda ataukokera mpaka pamphuno. Profira anayatsa kandulo, nkupereka ndi manja awiri. "Landirani mayi. Ndi wa mzimu wa Safta."

Gogoyo ananyema, anatafuna pang'onopang'ono, anameza.

"Bogdaproste," anatero. Kenako anakwinya pakamwa. "Koma mcherewu, mtengwa, ukusungirabe maliro a ndani?"

Profira anagwa khuu! Podzuka, pamalo paja panali kandulo yekha akuyaka. Nyenyeswa ndi imodzi yomwe panalibe.

Anangokhala pansi pomwepo. Azimayi otuluka m'manda ataona munthu pachipata anayamba kumuikira m'chilolo: uyu buledi, uyu mazira, uyu tirigu wowiritsa ndi uchi, aliyense akutchula womwalira wake. Zamfira naye anaika. Profira wodzikuza uja anayankha bogdaproste, bogdaproste, mpaka mawu kusasa. Anapita ndi buledi mmodzi, anabwerako ndi asanu ndi anayi.

Kunyumba anapeza Catinca atakwera yekha pabenchi, akukombeza mphika wa nyemba ndi zala.

"Agogo apita, amayi. Akuti akhuta."

Profira anakhala zaka zina makumi atatu, koma kumapeto kwa benchi kuja sanakhaleko ndi tsiku limodzi lomwe. Ndipo mchere ankathira wambiri moti Toader ankadandaula mpaka kufa kwake.

Iwe Costel, ukufunsa kuti ndikudziwa bwanji? Wopusa iwe, ukuyesa...

Ndani akuitanayo? Ati chiyani? "Agogo Catinca, buledi wa kumanda akupserera"? Mayo ine! Ndikubwera, musamugwire! Ilinca, lemba ichi msanga.

Phunziro: Ngakhale pakhomo pavute bwanji, gawo la wina usadye, ndipo usachite manyazi kulandira. Dzanja lofumbata silipereka, komanso palibe angaikemo kanthu. Tumizani kwa anzanu onse amene ali ndi ana ambiri ndi mphika waung'ono, makamaka odzikuza aja.